Nsapato Yakumanzere ya Alamu Anga

Ntchito yanga ndi yosoka nsapato. Ndili ndi kachipinda kutsogolo kwa nyumba yathu, koyang'ana kumsewu. Muli benchi, makina amodzi opalasa ndi phazi, nyundo ziwiri, ndi shelefu yodzaza nsapato zimene eni ake anaiwala kudzatenga. Anthu a mumsewu wathu amanditcha a Chidendene, ati chifukwa munthu akamandipatsa moni, ine maso amakhala ali pansi kuona mmene nsapato yake ikuthera kumbuyo. Dzinalo sindidana nalo. Ndagwira mapazi a anthu zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo ndinkadziona ngati munthu amene anamaliza kuphunzira.

Phazi limene linandibwezera kusukulu ndi la alamu anga, akulu ake a mkazi wanga.

Alamuwo amagwira ntchito ku bekale yaikulu ya kuseri kwa depoti ya mabasi. Ndi amene amayang'anira uvuni, ndipo anzawo amangowatcha Mayi Uvuni. Sayang'ana wotchi kuti adziwe ngati buledi wapsa; amangonunkhiza mpweya n'kunena kuti, "Tulutsani." Ndi mzimayi wamtali, wa mawu aakulu, ndipo chikwatirireni mng'ono wawo sanandipatsepo mpumulo.

"Alamu," ankatero akabwera kudzacheza, "mng'ono wangayu munamuona bwanji inu, munthu wosadzutsa mutu?"

"Ndinayambira kumapazi, alamu. Nditaona kuti ali bwino, ndinangokhulupirira kuti kumtundakonso kulibe vuto."

Ankaseka mpaka kugwira chitseko.

Mwendo wawo wakumanzere unayamba kutupa ali ndi zaka makumi atatu ndi zingapo. Poyamba unkatupa madzulo okha akaweruka, kukacha n'kupezeka waphwa. Ukasindikiza chala pamwamba pa phazi pankatsala kadzenje ngati pa mtanda wa buledi, ndipo tonse tinkati n'chifukwa choimirira tsiku lonse. Kenako kunayamba kubwera malungo achilendo, kawiri kapena katatu pachaka. Ankatuluka mwanabere, thupi n'kumanjenjemera, mwendo n'kufiira ndi kutentha moti sankalola ngakhale nsalu kuukhudza. Pakatha sabata malungowo ankapita, khungu n'kusupuka, koma mwendo sunkabwereranso pamene unali. Malungo alionse ankausiya utakula pang'ono.

Patatha zaka khumi unali utasanduka mwendo wina. Anthu ankanena zambiri. Ena ankati anaponda mankhwala, ena ankati n'zakumtundu, ndipo ana a mumsewu ankanong'onezana za njovu iwo akamadutsa. Alamu anayamba kuvala masiketi aatali ofika pansi. Kuphazi lakumanja ankavala nsapato, kulakumanzere silipasi yakale imene anaidula n'kumaimangirira ndi kansalu. Kuntchito sankajomba, ndipo nthabwala sizinawathere. Koma nkhani ya mwendowo sankalola munthu kuiyambitsa, ngakhale mng'ono wawo.

Tsiku lina ku bekaleko kunabwera oyendera za chitetezo cha antchito. Anaona mapaipi, anaona zozimitsira moto, kenako anayamba kuona mapazi a anthu. Lamulo linali lakuti aliyense wogwira pafupi ndi uvuni avale nsapato zotseka, chifukwa mathireyi achitsulo ndi otentha ndipo amagwa. A kapitawo, amene anali atagwira nawo ntchito zaka zambiri, anawaitanira pambali n'kuwauza, maso ali kukhoma, kuti akhale kaye kunyumba mpaka atapeza nsapato.

Anayenda masitolo onse a m'tauni. Kwina anawatulutsira jombo yachimuna yaikulu kuposa zonse, koma ngakhale zala sizinalowe.

Kwathu anafika Lachiwiri masana. Sanazungulire kukhomo lakumbuyo monga mwa masiku onse. Analowa m'kachipinda kanga n'kukhala pabenchi ya makasitomala.

"Alamu, lero sindinabwere kudzakusekani. Ndabwera ndi ntchito."

Anakweza siketi mpaka m'bondo. Aka kanali koyamba kuti ndiuone mwendowo pafupi. Kuchokera m'bondo mpaka pansi unali wofanana kukula kwake, ngati chipika. Akakolo sankaoneka, pamalo pake khungu linapindana kawiri, ndipo m'mapindimo mukanalowa chala chonse. Khungulo linali lolimba ndi lokhakhala ngati khungwa la mtengo. Pamwamba pa zala panali tinthu ngati njerewere tothithikana, ndipo zalazo zinkangosuzumira kunsi kwa phazi.

Ndinagwada n'kuligwira phazilo ndi manja awiri.

"Mwaona chiyani?" anandifunsa.

"Ndaona phazi lofuna nsapato. Mubwere mawa m'mawa kukuwala bwino, ndidzayeze."

Anabweradi m'mawa ndipo ndinayeza. Ndinasankha chikopa cha ng'ombe chochindikala, chimene ndimasokera jombo za omanga nyumba. Soli ndinaikhomera ndi timisomali, ndipo misoko ndinaibisa m'kati monga timachitira kuti nsapato ioneke bwino kunja. Inanditengera masiku anayi. Ataivala, m'mawanso, inalowa ngati anabadwa nayo. A kapitawo anailoleza, alamu n'kubwerera pa uvuni wawo, ndipo ine ndinauza aliyense wolowa m'kachipinda kanga zimene ndachita.

Tsiku lachinayi chiivalireni nsapatoyo, masana, foni ya mkazi wanga inalira. Anali a kapitawo. Alamu anali atakhala pansi pakati pa ntchito, akunjenjemera ndi kusanza, ndipo galimoto yonyamula buledi ndi imene inawathamangitsira kuchipatala.

Tinawapeza mu wodi ya amayi, ali pa diripi, atafunda mabulangeti awiri koma mano akugundana. Mwendo unali panja pa bulangeti, wofiira, wonyezimira, wotentha moti kutenthako unkakumva dzanja lisanafike. Sanathe ngakhale kundipatsa moni.

Kunabwera nesi wina wachikulire, wamfupi, wa magalasi olendewera pachingwe. M'manja anali ndi nsapato yanga.

"Anasoka iyi ndani?"

Mkazi wanga anandiyang'ana. "Ndine, mayi," ndinatero.

"Ndinu mmisiri?"

"Ndinkaganiza choncho."

Anandikodola kuti ndiwerame. Pang'onopang'ono anatsegula pindi la khungu la pamwamba pa chala chaching'ono, n'kundionetsa kachilonda kosaposa chikhadabo cha khanda.

"Kameneka?" ndinafunsa.

"Kameneka. Tiyeni nonse awiri, pali zoti mudziwe."

Anatilowetsa m'kachipinda kokhala ndi sikelo, tebulo ndi kabati. M'kabatimo anatulutsa kabotolo. M'madzi ake munali kanthu koyera, kopyapyala, kopindikapindika, kotalika ngati chala changa chapakati. Ndikanakapeza pansi pa makina anga ndikanati ndi ulusi wotsala.

"Iyi ndi nyongolotsi," anatero a nesi, "koma si ya m'mimba. Imalowa m'thupi ndi udzudzu, idakali yosaoneka ndi maso. Si kulumidwa kamodzi ayi. Ndi kulumidwa zaka ndi zaka, kawirikawiri munthu adakali mwana. Munakulira malo otani?"

"Pafupi ndi dambo," anayankha mkazi wanga. "Udzudzu wake unali ngati utsi."

"Ndi kumeneko. Tsono mvetserani. M'thupi mwathu, kupatula mitsempha ya magazi, muli timitsempha tina tonyamula madzi otsalira m'minofu kuwabwezera kumtunda. Tili ngati ngalande za mumsewu. Nyongolotsizi zimakamanga m'menemo, makamaka cha m'mphechepeche, n'kukhala zaka zisanu ndi chimodzi, mwina zisanu ndi zitatu, zikungoswa ana. Anawo amayenda m'magazi, udzudzu wina n'kuwatenga kupita nawo kwa munthu wina. Zikuluzikuluzo zimafutukula timitsempha mpaka tizitseko tam'kati, toletsa madzi kubwerera pansi, timasiya kutseka. Zikafa, pamalopo pamatupa n'kuchita chipsera. Madzi amasowa njira, ndiye amangodikha m'mwendo."

"Ndiye apatseni mankhwala ophera nyongolotsizo," ndinatero.

"Tawayeza, mulibe. Zinafa kalekale, mwina mwendo usanafike n'komwe pamenepa. Mankhwala alipo, ndipo ndi ofunika kuti matendawa asafale, koma sakonza ngalande yogumuka."

"Nanga ngati zinafa, mwendo ukukulabe chifukwa chiyani?"

A nesi anavala magalasi awo n'kundiyang'ana bwinobwino. "Funso lake ndi limenelo. Mwendo wodikha madzi sutha kudziteteza. Pakangong'ambika pang'ono, pakati pa zala kapena m'pindi, tizilombo ta pakhungu timalowa n'kupeza poswanirana. Ndiwo malungo mwawaonawa. Malungo alionse amawononga timitsempha tina timene tinatsala, ndipo khungu limachindikala kuonjezera. Chimene chakhala chikukulitsa mwendo wa alamu anu zaka zonsezi ndi tizilonda ngati kamene ndakuonetsani."

Mkazi wanga anafunsa motsitsa mawu ngati matendawa ndi opatsirana, popeza amawachapira zovala ndipo amadyera pamodzi.

"Agwireni, asambitseni, gonani nawo bedi limodzi. Popanda udzudzu sizichoka kwa munthu kupita kwa mnzake. Inuyo tikuyezani chifukwa munakulira nyumba imodzi, basi." Kenako anatembenukira kwa ine. "Bambo, phazi munaliyeza nthawi yanji?"

"M'mawa."

"Mwendo umenewu, wa m'mawa ndi wa madzulo ndi miyendo iwiri yosiyana." Anatenga dzanja langa n'kulilowetsa m'nsapato, mpaka chala changa chinagunda msoko umene ndinaubisa m'kati. Unali wolimba ngati waya. "Koma musasiye. Ndili ndi odwala ambiri amene ndimawauza kuti azivala nsapato, ndikudziwa ndithu kuti nsapato yoti avale kulibe."

Mkazi wanga anamuyeza ndipo sanamupeze ndi kanthu. Titafika pakhomo anangoti, "Dzanja lanu lisadzakhudzenso phazi la achemwali anga." Nsapato ija ndinaiponya pansi pa benchi, ndipo masiku otsatira ndinkangomata masoli a ana a sukulu, mutu uli pansi kuposa kale.

Alamu anatuluka m'chipatala patatha masiku asanu ndi limodzi, ndipo anabwera kudzakhala kwathu kuti mng'ono wawo aziwasamalira. Ine ndinkazemba. Ndinkalowera khomo lakutsogolo, n'kudyera m'kachipinda kanga. Tsiku lachiwiri anandiitanitsa. Ndinawapeza pabalaza, mwendo atausanjika pa mapilo awiri, mkazi wanga ali pambali ndi beseni.

"Alamu, mwandithawa?"

"Ndili ndi manyazi, alamu."

"Khalani pansi. Nsapato ija inayamba kundiluma tsiku loyamba lomwe, cha m'ma thuu koloko. Ndinakhala chete chifukwa ndinkaopa kubwezedwanso kunyumba. Ndiye mlanduwu tigawana pakati." Anatembenukira kwa mng'ono wawo. "Iwe, usandiyang'ane choncho. Amene anasoka yoyamba ndi amene asoke yachiwiri. Wina akayambira pati? Awa akudziwa kale pamene anagwera."

Mkazi wanga anafinya kansalu m'beseni kwa nthawi yaitali. "Akakupwetekaninso, ine ndiwasamutsira pabenchi yawo yomweyo," anatero. Kumeneko kunali kulola.

A nesi anali atawaphunzitsa kasamalidwe ka mwendo, ndipo ndinayamba kukhala nawo kuti ndizione. M'mawa ndi madzulo ankausambitsa ndi sopo wamba ndi madzi oyera, kuyambira m'bondo kutsika, kulowa m'pindi lililonse ndi pakati pa zala zonse. Kenako ankaupukuta ndi kansalu kofewa, osakhula, kungogunditsa mpaka paume, chifukwa m'pindi monyowa ndi mmene khungu limayamba kusweka. Akapeza pong'ambika ankapakapo mankhwala a m'kachubu. Masana alamu ankaukweza mwendo, n'kumazunguza phazi ndi kuimirira pa zala atagwira mpando. Kubedi kwawo ndinaikako njerwa ziwiri kumiyendo, ndipo nyumba yonse tinayamba kugona m'maneti.

Ine ndinatenga tepi. Kwa masiku asanu ndi awiri ndinkayeza katatu patsiku, m'mawa, masana ndi madzulo, malo asanu ndi amodzi pa phazi ndi pamwendo, n'kumalemba pa katoni imene ndinaikhomera kukhoma. Alamu atayamba kuyendayenda, ndinawapempha kuti aziimirira maola angapo monga amachitira kuntchito. Kusiyana kwa m'mawa ndi madzulo kunali zala zitatu. Nditaona manambalawo ndinamvetsa zimene anapirira masiku anayi aja, ndipo tsiku limenelo sindinadye bwino.

Zikombole za mapazi zimene ndili nazo zonse ndi za kufakitale. Ndinapita kwa kalipentala woyandikana nane ndi katoni yanga, ndipo tinasema chikombole chatsopano pa mtengo wofewa, cha muyeso wa madzulo. Iye ankasema, ine ndikupala ndi sandipepa, n'kumathamangira kunyumba kukayerekeza. Titamaliza anachinyamula n'kunena kuti, "A Chidendene, ichi mukachisiya panja anthu adzakhalira."

Ndisanadule chikopa ndinawafunsa alamu zimene akufuna.

"Isaoneke ngati ya wodwala," anatero. "Ndipo musoke ziwiri. Yakumanja ndi yakumanzere zioneke kuti ndi za mimba imodzi, ngakhale wina ali wonenepa. Ngati ine ndi mkazi wanuyu."

"Wonenepa ndi ndani pamenepa?" anafunsa mkazi wanga ali kukhitchini.

"Alamu ndi amene anene, ndiwo ali ndi tepi."

Ndinati tepi yanga imayeza mapazi okha.

Zonse zimene ndinkadziwa ndinazitembenuza. Misoko ndinaitulutsa kunja, kuti m'kati mukhale mosalala ngati m'kamwa. Misomali ndinaisiya, soli n'kuimata ndi guluu ndi kuisoka m'mphepete. Soliyo inali ya mphira yopepuka, yotambalala, yosaterera pa simenti ya ufa. Kunja ndinaika chikopa cha ng'ombe chofewetsedwa, m'kati chikopa cha mbuzi. Lilime ndinalitsegula mpaka kuzala kuti phazi lizingoikidwa m'kati osati kukankhidwa, ndipo pamwamba ndinaika malamba atatu omata, oti azimasulidwa pang'onopang'ono dzuwa likamapendeka. Kutsogolo ndinaumitsa kuti thireyi ikagwa isafike pa zala, koma ndinakweza denga lake kuti lisakhudze tinjerewere tija. M'mbali ndinaboola timabowo ta mpweya. Tinsalu topondapo ndinasoka tiwiri, kuti kena kakamauma kena kazigwira ntchito. Yakumanja ndinaikweza soli pang'ono kuti asamatsimphine.

Pa nsapato zatsopanozi, yoyamba ndinaing'amba ndekha. Yachiwiri inali yolemera. Yachitatu ndinapita nayo kwa a nesi. Anatseka maso, n'kulowetsa dzanja m'kati, n'kumasisita paliponse ngati munthu wofufuza ndalama m'thumba lobooka. Anaima pamalo amodzi.

"Apa pali mfundo."

Inalipodi, mfundo imodzi ya ulusi pansi pa lamba wapakati, yaing'ono ngati njere ya mchenga. Ndinabwerera nayo osatsutsa.

Yachinayi anaisisita nthawi yaitali, n'kutsegula maso. "Bambo, ndinu mmisiri," anatero. Ndakhala ndikuyamikiridwa ndi anthu ambiri pantchito yanga, ena ovala masuti, koma mawu amenewo ndinayenda nawo wapansi kuchokera kuchipatala mpaka kunyumba osamva kutalika kwa njira.

Ulendo uno sitinathamange. Tsiku loyamba alamu anaivala ola limodzi, tinavula n'kuunika phazi lonse ndi tochi. M'kati mwa nsapato ndinkapakamo choko, kuti pamene pakukhula chokocho chizitsalira pakhungu. Tsiku lachiwiri maola awiri, lachitatu anayi. Tinapangananso kuti akangomva kuluma, ngakhale pang'ono, anene pompo, ndipo analumbira atagwira nyundo yanga. Patatha milungu iwiri ankaivala tsiku lonse, phazi n'kutuluka lopanda chizindikiro.

Lolemba m'mawa ndinavala malaya oyera n'kuwaperekeza ku bekale. A kapitawo anatilandira pakhomo. Anagwada, anasindikiza kutsogolo kwa nsapato ndi chala chachikulu, anaona soli. Kenako anatenga thireyi yopanda kanthu n'kufunsa ngati angayese. Alamu anatambasula phazi okha. Thireyi inagwa ndi phokoso, antchito onse n'kucheuka, koma alamu sanaphethire.

"Lowani, mayi," anatero a kapitawo.

Analowa pakati pa matebulo okandira, nsapato zakuda ziwiri zikugunda simenti mofanana. Anzawo anasiya ntchito, ena akuomba m'manja ufa n'kumafuka. Iwo sanaime. Anapita molunjika ku uvuni, ananunkhiza, n'kufunsa kuti, "Ndani wakweza moto chonchi? Mwakhala mukudyetsa anthu makala nthawi yonseyi?" Ndinaima pakhomopo kanthawi, chipewa chili m'manja, ndikuwaona akutsitsa moto ndi kulamula mathireyi. Palibe amene ankandiyang'ana, ndipo sindinafune.

Chaka chinatha osadwala malungo aja ngakhale kamodzi. Mwendo sunabwerere mwakale, ndipo a nesi anali atatiuza kuti sudzabwerera. Koma unaphwa ndithu, khungu linafewa, fungo limene linkawavutitsa m'nyengo yotentha linatha, ndipo ndinachita kufupikitsa malamba kawiri. A nesi anayamba kunditumizira anthu: mphunzitsi wina wamkazi, mlonda wa pasitolo, mayi wogulitsa masamba amene miyendo yonse iwiri inali yotupa. Aliyense ndinkamusemera chikombole chakechake, ndipo kalipentala anachita kundikhomera shelefu ina. Munthu akabwera ndi phazi losasamba bwino kapena la zilonda, sindinkayamba ndi tepi. Ndinkamutumiza kaye kwa alamu Loweruka masana, akamuphunzitse za sopo ndi kansalu, chifukwa iwo amanena zinthu mosapsatira ndipo munthu amatuluka akuseka.

Tsiku lina a nesi anabwera okha kudzatiuza kuti adokotala aakulu akufuna tikaonekere pamaso pa ophunzira za udokotala. Ine ndinakana, ndinati sukulu ndinalekezera panjira. Alamu anati, "Mupita. Ine ndipereka mwendo, inu mupereka nsapato, adokotala apereke Chingerezi."

Chinali chipinda chachikulu cha mabenchi okwera ngati masitepe, modzaza anyamata ndi atsikana a makoti oyera. Adokotala anaonetsa zithunzi pakhoma: nyongolotsi, timitsempha tofutukuka, khungu lochindikala lodulidwa pakati. Atamaliza, alamu anakhala pampando kutsogolo, anamasula malamba atatu aja, n'kusanjika mwendo pa situlu. Siketi anaikweza okha.

"Bwerani mugwire," anatero. "Suluma. Mukaopa mwendo wanga, wa odwala anu mudzauyeza ndi ndodo?"

Anabwera mmodzimmodzi. Alamu ankawagwira dzanja n'kuwasonyeza polimba ndi pofewa, pamene chala chimasiya dzenje ndi pamene sichisiyanso. Anawafotokozera mmene malungo amayambira, kuti choyamba ndi kuwawa kwa m'mphechepeche, kuzizidwa kumabwera pambuyo. Anawauza kuti wodwala akabwera asamangoona kukula kwa mwendo, azitsegula pakati pa zala, chifukwa nkhani yonse ili pamenepo. Adokotala ankangogwedeza mutu, ndipo pena ankalemba.

Kenako inafika nthawi yanga. Ndinaika chikombole patebulo, pambali pake nsapato. Mnyamata wina atafunsa chifukwa chimene misoko ili kunja, ndinapezeka ndikuyankhula ngati ndili pabenchi yanga. Ndinawauza za kuyeza madzulo, za choko, za mfundo imodzi ija. Sindinabise kuti nsapato yanga yoyamba inagoneka munthu m'chipatala masiku asanu ndi limodzi. Nsapato inayenda m'manja mwa ophunzira onse, aliyense akulowetsa dzanja m'kati. Mkazi wanga anakhala kumbuyo kwenikweni, chikwama chili pamiyendo, ndipo nditamuyang'ana anandigwedezera mutu kamodzi.

Tikutuluka, mtsikana wina wa koti yoyera anatitsatira mpaka pakhonde. Anadikira kuti anzake adutse.

"Pepani, mayi, pepani, bambo," anatero. "Bambo anga ali ndi mwendo ngati umenewu. Anali dalaivala wa mabasi. Papita zaka zisanu ndi chimodzi osatuluka pageti. Anzanga m'kalasimu sadziwa."

"Amausambitsa ndani?" anafunsa alamu.

"Salola munthu kuugwira."

"Andilola ine. Loweruka ndiweruka thwelofu koloko. Uwauze kuti kukubwera mayi wina wolongolola ndi mlamu wake wosadzutsa mutu, ndipo ukonze beseni."

Tinapitadi. Bamboyo anatilandira ali kuchipinda, chitseko chili chotseka, ndipo anatiuza kuti tibwerere. Alamu anakoka mpando, anakhala pakhomo pa chipindacho, n'kuyamba kumufotokozera za mwendo wawo, kuyambira kadzenje ka pamwamba pa phazi mpaka tsiku limene anagwa kuntchito. Anayankhula pafupifupi ola lathunthu. Kenako chitseko chinatseguka pang'ono, ndipo bamboyo anayang'ana pansi, pa nsapato zawo.

"Munagula kuti?" anafunsa.

"Sizigulidwa, zimasokedwa," anatero alamu. "Wosoka wake ndi uyu. Koma ayamba ndine."

Zilonda za pakati pa zala zake zinatenga milungu isanu kuti zipole, ndipo nsapato yake inanditengera milungu ina itatu, chifukwa phazi lake linali lopindikira m'kati. Nditamaliza ndinatumiza uthenga kuti ndibwera nayo Lachisanu. Anandibwezera mawu kuti ndisavutike. Lachisanulo masana ndinamva ndodo ikugogoda pakhonde la kachipinda kanga. Anali iyeyo, atavala jekete yake yakale ya udalaivala, phazi atalikulunga ndi nsalu yoyera, thukuta lili kamukamu. Anali atakwera basi yekha. Anakhala pabenchi, anapuma kaye, n'kundiuza kuti dalaivala amene wamubweretsa sadziwa kusintha magiya. Ndinamupatsa madzi akumwa, ndinatsitsa nsapato pa shelefu, n'kugwada kuti ndimasule nsaluyo.